Adadi Anagula Makeke Awiri

1

…ayi ayi, dikirani kaye, za makeke ndifika kkkk. Mukandifulumizitsa ndisokoneza zonse. Ndipo musadabwe ndikamaseka, ineyo ndikachita mantha ndimaseka, ndi matenda anga. Pamaliro a amalume anachita kunditulutsa m'tchalitchi.

Ndine Roosmarijn, koma aliyense amangoti Roos. Ndili ndi zaka 17, ndimakhala ku Zwolle, ndipo NDAKHOZA mayeso omaliza a sekondale!!! Zikomo zikomo, ombani m'manja. Koma nkhani si imeneyo.

Adadi anga, a Gerben, anagwa panjinga mu Febuluwale. Kunali chisanu, madzi ataundana pamsewu, iwo akupita kuntchito. Chipewa choteteza mutu? Aaa, amavala ndani zimenezo kuno, ungaoneke ngati mlendo wodzaona malo. Mutu unamenya m'mphepete mwa msewu. Anakhala chikomokere nthawi yaitali, mapaipi mbali zonse, ine ndikungowayang'ana zala kuti mwina zigwedezeka.

Atadzuka ndinati basi, zatha. Ankayenda, ankalankhula, ankatidziwa ine ndi amama, nthabwala zawo zosaseketsa zija zonse zinabwerera. Ndinawalongedzera chikwama ndithu kuti tizipita kunyumba. Koma m'malo mwake anawasamutsira kumalo kumene amaphunzitsako anthu ovulala ubongo kuchitanso zinthu za tsiku ndi tsiku.

Kumeneko ndi kumene kuli mayi Hiltje, amene ankawaphunzitsa adadi. Aafupi, tsitsi la imvi lometa, nsapato zothamangira. Saseka chisawawa. Ndinkawaopa koopsa.

2

"Papepala bambo ako ndi katswiri," anandiuza mayi Hiltje. "Masamu akukhoza, mawu akukumbukira. Ine ndikufuna ndiwaone kukhitchini."

Ndinaseka. Adadi angawa ntchito yawo inali yokonza ndondomeko ya malole onyamula mkaka, lole iti ipite famu iti, nthawi yanji, dera lonse. Munthu wotere alephere kukazinga mapanikeke?

Ndinakhala pampando pakona, atandiletsa kulankhula. Adadi anavala epuloni, akuimba mluzu. Ufa m'mbale, mazira, chiwaya pamoto, batala m'chiwaya. Anatsegula filiji.

Mkaka munalibe. Mayi Hiltje anali atauchotsa dala.

Adadi anatseka filiji. Anatsegulanso. Anatseka. Anatsegulanso. Batala uja anayamba kuda, utsi tolotolo. Alamu ya utsi inayamba kulira, ija yoboola m'makutu. Adadi ali chiimire, dzanja pachitseko cha filiji, kenako anatembenuka n'kundifunsa mofatsa bwinobwino:

"Roos, kodi phokosoli ukulimva iwenso?"

Ndinaseka mpaka misozi. Sanali adadi anga amene aja. Nkhope inali yawo, koma m'maso munalibe munthu woti angakutulutse m'nyumba ikamapsa.

Mayi Hiltje anazimitsa moto, anatsegula windo. Titatuluka panja, pomwe amama ankadikira, anatifotokozera tonse awiri.

"Zinthu zikamayenda momwe anazolowera, palibe vuto. Koma chinthu chimodzi chikangosokonekera, ubongo wawo umaima. Kapena umathamangira njira yakale yomwe unazolowera, kaya ndi yoyenera kaya ayi. Akanatha kundifunsa mkaka. Akanatha kuzimitsa kaye moto. Nzeru zimenezo zilimo, koma sizikubwera pa nthawi yake."

"Ndiye abwera liti kunyumba?" ndinafunsa.

"Akadzatha kudzitulutsa okha pavuto laling'ono. Amayi ako amagwira ntchito tsiku lonse, iwe uli kusukulu. Sindingatumize munthu kunyumba kuti akapse."

"Nanga akapanda kutha?"

Amama anandigwira phewa. Yankho ndinkalidziwa. Kuli nyumba ina kutali, ya anthu amene sadzabwereranso kwawo, amangokhala m'mipando kuyang'ana TV yosatsegula mawu. Ndinalumbira mumtima kuti adadi anga sakapondako.

3

Ndiye tinayamba sukulu ya adadi kkkk. Mayi Hiltje anawaphunzitsa kanyimbo kake: ima. Vuto n'chiyani? Njira zilipo zingati? Sankha imodzi. Onanso ngati ukupita kumene umafuna. Poyamba ankanena mokweza, kenako monong'ona, cholinga chake n'choti pamapeto zizingochitika m'mutu.

Ine ndinadzipereka kukhala wowapatsa mavuto. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga kupita kumeneko, mabuku a mayeso ali m'chikwama osawatsegula n'komwe.

"Adadi, tayala la njinga laphwa, muli kutali."

"Ndiima. Vuto ndi tayala. Ndiimbira amayi ako."

"Foni yatha moto."

"Ndibwereka ya munthu."

"Kulibe munthu. Kuli ng'ombe zokhazokha."

"Ndikwera ng'ombe."

"Adadi!"

"Iwe kamwana, ukufuna ndilire? Chabwino, ndiyenda pansi ndikukankha njinga."

"Mwakhoza! Onaninso, mukupita kuti?"

"Kunyumba, mwana wanga. Kunyumba."

Pang'ono ndi pang'ono zinayamba kuyenda. Anakazinga mapanikeke popanda moto wolusa. Tsiku lina makina ochapira anakana kutseguka, iwo anaima, anapuma, anakaitana munthu. Ndinavina m'khonde ngati wamisala.

Chinthu chimodzi chokha chinkandiopsa. Lachiwiri lililonse madzulo adadi ankasokonekera. Ankavala jekete, kufunafuna makiyi, kuyendayenda pakhomo lotulukira, thukuta kamukamu.

"Ndachedwa. Akundidikira. Ndachedwa."

Ngozi isanachitike, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi ankagona kumzinda wina, ku Groningen, kudepoti ya malole. Zinali choncho chibadwire changa. Ndiye amama ankangowavula jekete lija mokoma mtima.

"Gerben, malole akuyenda popanda iwe. Khala pansi, bambo."

Adadi ankakhala, koma maso ali pakhomo.

4

Tsiku la zotsatira za mayeso, mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense ali pafoni kudikira aphunzitsi aimbe. Ine ndinali nditakhala pamasitepe. Foni italira ndinaigwetsa kkkk. Aphunzitsi anangoti "Roos, katulutse mbendera," ine kukuwa mpaka galu wa aneba kuyamba kuuwa.

Amama anatulutsa mbendera, tinakoleka chikwama changa chasukulu kunsonga kwa mtengo wake monga amachitira aliyense amene wakhoza, kuti msewu wonse udziwe. Chikwama chong'ambika zipi, chili lendelende pamwamba pa khomo. Amama analira, ine ndinaseka.

Tsiku lomwelo ndi limene adadi anasankha kuti akayesedwe komaliza. Mayi Hiltje amati mayeso enieni amachitikira m'tauni, osati m'chipinda. Ntchito yake adadi anaisankha okha: kugula keke ya mwana amene wakhoza, kukwera basi, kukafika kunyumba. Akakwanitsa, atuluka. Amama anatsala kunyumba kukonza khofi.

Ndinachonderera kuti ndipite nawo. Mayi Hiltje anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tiziyenda kumbuyo kwawo. Osalankhula, osaloza, osakodola. Ukangotsokomola ndikubweza."

"Nanga ndikaseka?"

"Uluma mkono."

Adadi anali atavala shati yabuluu, atapesa tsitsi kubisa chipsera. Ankayenda patsogolo ngati mwana wa sitandade wani, ife kumbuyo. Anafika pa bekale osasochera. Ndinasuzumira pawindo.

"Keke ya zipatso," anatero adadi. "Awiri."

"Awiri, bambo?" anafunsa mayi wogulitsa.

"Lero ndi tsiku lalikulu."

Ndinaluma mkono. Ndinaganiza kuti inayo ndi ya aneba, kapena akudziwa mmene ndimadyera. Mayi Hiltje sanaseke, anangokweza nsidze.

5

Pasiteji ya basi panali chikwangwani chachikasu. Basi yathu sikudutsa pano, akukonza msewu.

Ndinayang'ana mayi Hiltje kuti kodi ndi inu mwachita zimenezi? Anapukusa mutu. Ili linali vuto lenileni, losapanga.

Adadi anawerenga chikwangwani. Anawerenganso. Anaima njo, mabokosi awiri m'manja. Anthu akuwalambalala, njinga zikuliza mabelu, iwo osasuntha. Ndinaona mabokosi akuyamba kupendekeka. Zinali ngati za filiji zija, koma tsopano pamsewu, malole akudutsa pafupi, phazi lawo limodzi lili m'mphepete mwenimweni.

Adadi chonde. Adadi chonde imani, pumani. Ndinkangonena mumtima, mano ali pamkono.

Kenako milomo yawo inayamba kugwedezeka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anawongola mabokosi. Anayang'ana uku ndi uku, anawoloka pamalo oyenera, anapita pasiteji ina. Basi inabwera, anakwera, ife tinathamangira khomo lakumbuyo.

Ndinafuna kukuwa ndi chisangalalo!! Ndinanong'oneza mayi Hiltje kuti mwaona? Iwo anaika chala pakamwa.

Koma basi ija sinakhotere kwathu. Inapita mbali ina ya tauni, inawoloka mlatho, inalowa ku Stadshagen, kumene ine ndinangopitako kamodzi kukasewera mpira. Adadi anali phee pampando, osayang'ana n'komwe pawindo, ngati munthu amene wakwera basi imeneyi kambirimbiri. Anadina belu osaganiza.

"Asochera," ndinanong'ona. "Tiwauze, chonde, alephera."

"Sakuoneka ngati osochera," anatero mayi Hiltje, mawu ali pansipansi. Anandigwira mkono. Dzanja lawo linali lozizira.

6

Tinatsika. Msewu wa nyumba zofanana, timinda ting'onoting'ono kutsogolo. Mbendera apa, mbendera apo, zikwama lendelende. Adadi ankayenda mwachangu tsopano, akuimba mluzu. Anakhota, anatsegula kageti, analowa pakhomo lina lomwe pamwamba pake panali mbendera ndi chikwama chobiriwira.

Ndinati eee, tsopano agogoda kwa anthu osawadziwa, manyazi bwanji.

Sanagogode. Anaika mabokosi pabondo, anatulutsa makiyi awo, omwe aja okhala ndi kang'ombe kapulasitiki kamene ndinawagulira ndili wamng'ono. Anasankha kiyi mmodzi. Analowetsa.

Chitseko chinatseguka.

Mnyamata wamtali anatulukira m'khonde, wamsinkhu wanga, atavala masokosi okhaokha. Makutu otuluka ngati a adadi. Ngati anga.

"Adadi!" anakuwa. "Amama, bwerani, adadi abwera! Adadi ndakhoza!"

Anawakumbatira, keke imodzi inaphwanyika pakati pawo. Adadi akuseka, akumusisita m'mutu.

"Ndinadziwa, Teun. Ndinadziwa, mwana wanga."

Mwana wanga. Mawu anga amenewo.

Kunatuluka mayi wina, thaulo m'manja. Ataona adadi anagwira pakamwa. Ataona ine pageti, thaulo linagwa. Mnyamata uja anatsatira maso a amayi ake, anandiyang'ana, nkhope inafiira. Ndiye mukudziwa chimene ananena?

"Ndiwe Roos eti? Wakhoza iwenso?"

Ankandidziwa!! Dzina langa lomwe! Ine osadziwa n'komwe kuti padziko pali Teun.

Ndinayamba kuseka. Osati kkkk wamba, kuseka koipa, kosaleka, mpweya osatuluka, nditagwira geti kuti ndisagwe. Aneba kusuzumira m'mawindo.

Adadi anatembenuka. Anali ataiwaliratu kuti tili kumbuyo kwawo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Teun, anayang'ana ine. Zaka zonsezi munthuyu ankayendetsa nyumba ziwiri m'tauni imodzi ngati malole ake, osaphonya ngakhale tsiku limodzi, Groningen yake inali imeneyi. Tsopano anaima pakati pathu, kirimu ali pashati. Ndinamva zimene ankanong'ona.

"Ima. Vuto n'chiyani. Vuto n'chiyani. Njira zilipo… njira zilipo…"

Sanapitirire. Anangobwerezabwereza pomwepo, maso ali mwaa, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku la mapaipi lija, chifukwa ndinaganiza kuti mutu wawo uzimanso ine ndikuona. Mayi Hiltje anapita, anawalanda bokosi, anawakhazika pansi pasitepe.

"Pumani, a Gerben. Palibe choti muthetse panopa. Pumani basi."

Foni yanga inalira. Amama.

"Roos, muli pati kodi? Khofi akuzizira. Zayenda bwanji, akhoza?"

Ndinayesa kuyankha, kunangotuluka kuseka. Mayi Hiltje anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni, anapita nayo kuseri kwa mpanda. Sindikudziwa zimene ananena. Ndikudziwa kuti titawabweza adadi kumalo awo ophunzirira n'kufika kunyumba makapu anali atabwezedwa m'kabati. Ndinafuna kutsitsa mbendera, amama anandiletsa.

"Isiye. Chikwamacho n'chako, si cha bambo ako."

7

Patapita masiku anatiitana kuti timve zotsatira. Ine, amama, adadi, mayi Hiltje. Amama anakhala mpando wakutali, atavala jekete osavula.

"Ndinena zimene ndinaona," anatero mayi Hiltje. "Basi itasowa anaima, anaganiza, anapeza ina, anawoloka bwino. Miyezi yapitayo sakanatha. Chimene anadumpha ndi kuonanso kumene akupita. Atangokwera, chizolowezi chinawatenga. Ndiye atha kutuluka kuno, koma pakhale munthu wowayang'anira, ndipo maphunziro apitirire."

Ndinalumpha pampando. "Ndiye akhoza! Amama, akhoza, abwera kunyumba!"

Amama sanandiyang'ane.

"Nyumba iti?" anafunsa.

"Annelies," anatero adadi kwa amama, "ndikanakuuza…"

"Liti, Gerben? Ndakusambitsa. Ndakudyetsa ndi supuni. Lachiwiri lililonse ndinkakuvula jekete ngati chitsiru, ndikumati ukudera nkhawa mkaka." Anaimirira. "Mayi, afunseni enawo. Ine ndatopa."

Enawo, amayi ake a Teun, dzina lawo ndi a Desiree. Anawafunsadi. Akuti anayankha kuti iwo anazolowera mwamuna wa masiku atatu, wobwera ndi maluwa, osati woti azimuzimitsira mbaula. Ankabwera kuchipatala m'mamawa mwakabisira ngati mnzawo wa kuntchito, koma kumutenga ayi.

Ndiye ndi zimenezo. Munthu wa nyumba ziwiri, wakhoza mayeso, alibe kolowera. Panopa adadi akukhala m'kafulati kena komwe pansi pake pamakhala owathandiza usana ndi usiku. Si nyumba ya TV yopanda mawu ija, zikomo Mulungu. Koma si kwathu. Ndinachonderera amama, ndinalira, ndinamenyetsa zitseko. Anangoti ndikadzakula ndidzamvetsa. Mwina. Panopa sindikufuna kumvetsa.

Ndinapitako kamodzi. Anandiphikira mapanikeke. Shuga anali atatha, ndinaona dzanja lawo likupita kukabati kachiwiri, mtima wanga unaima. Koma anazimitsa moto, anapuma, anati, "Tiika jamu." Ndinathawira kubafa kukalira. Ndimawada ndipo ndimawanyadira, zonse pakamodzi, kodi zimatheka?

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene muli ndi wanu wovulala mutu: anthu adzakuuzani kuti akuoneka bwino, wachira. Musamvere. Munthu amatha kulankhula bwinobwino koma mkaka ukasowa nyumba n'kupsa. Muzipita nawo kumaphunziro, muziwapatsa timavuto, zimathandizadi, ndaona ndi maso anga. Koma mukonzekenso. Ine miyezi yonseyi ndinkapemphera kuti adadi anga abwerere mmene analili. Sindinkadziwa kuti mmene analilimo ndinkadziwa theka lokha. Ndipo usiku ndimaopabe kuti foni ilira, andiuze kuti akwera basi ina, sakudziwika kumene ali.

Dzulo Teun ananditumizira uthenga, kaya nambala anaitenga kuti. Akuti mayi Hiltje akufuna munthu woti aziyenda kumbuyo kwa adadi Loweruka akamaphunzira njira ya kufulati, ndiye iye akuopa kupita yekha, kodi tingapite tonse? Ndinayang'ana uthengawo mpaka maso kuwawa. Kenako ndinautumiza kwa mnzanga wapamtima Dewi, ndinati aise nditani, ndikuopa, ndikamuona ndiseka kapena ndimumenya.

Wandiyankha chonchi:

"pita iwe. ukaseka useke, ukamumenya umumenye pang'ono, naye sanasankhe. adadi ako akufunika anthu awiri kumbuyo, mmodzi sangakwane. koma ukangofika umufunse mwezi wobadwa, ngati wamkulu ndiwe azikunyamulira chikwama, asazolowere"